Mlendo ndi mame

Mwambi uwu ndi wa anthu olawirira. Munthu amene amatuluka m'nyumba dzuwa litakwera kale sangaumvetse, poti mamewo sawapeza. Koma mlimi wa kwa Chadza kapena kwa Chiseka, amene amanyamula khasu kusanache m'mwezi wa Disembala, amadziwa kuti udzu wa m'njira umanyowetsa buluku mpaka m'mawondo, ndipo akamabwerera dzuwa litayamba kuswa mtengo, njira yomweyo amaipeza itauma gwa ngati sipanagwe kanthu. Makolo ataona zimenezi anati mlendo ndi mame. Ena amamaliza kuti sachedwa kukamuka.

Tanthauzo lake ndi losabisika. Mlendo sakhalitsa, choncho usamuwerengere nsima, usamukwinyire nkhope, usang'ung'udze kuti wakulanda mphasa. Kakusautsa kalikonse kamene wabwera nako kadzatha mawa kapena mkuja, pamene mbiri ya momwe unamulandirira adzapita nayo ndi kukaifotokoza kumene iwe sudzafikako. Kawirikawiri mwambiwu saunenera pamaso pa mlendoyo. Umanenedwa kukhitchini, motsitsa mawu, pamene mayi wamkulu akutonthoza mpongozi wake amene wayang'ana m'dengu la ufa n'kupukusa mutu, kapena pamene bambo akuuza mnyamata kuti atuluke m'gowelo akagone kwa anzake masiku awiri okha.

Ku Mitundu ndi ku Nathenje mwambiwu umayesedwa zenizeni m'sabata ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Chodabwitsa n'chakuti alendo a nyengo imeneyi ambiri si achilendo ayi. Ndi ana a pakhomo pomwepo. Wina amagulitsa kaunjika ku Lilongwe, wina ndi mlonda ku Kanengo, wina mphunzitsi ku Blantyre, wina anapita ku Joni. Kuyambira cha pa 22 Disembala maminibasi a msewu wa ku Bunda amadzaza mpaka kondakitala kuimirira chowerama, ndipo pa Nathenje, pamene pamadutsa msewu wa M1, anthu amatsika ndi zikwama, mabeseni atsopano ndi ana ovala nsapato zowathina, anyamata a kabaza n'kumalimbirana katundu. Ulendo wotere sunayambe lero. Agogo athu anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo. Kenaka kunabwera TEBA, imene inatha mu 1988. Amene anapitiratu osabweranso tinkawatcha matchona. Chotero mwana akabwera yekha ndi miyendo yake, ngakhale kwa masiku atatu, mtima wa kholo umagwa pansi, ndipo palibe amene amafunsa kuti kodi mwana wobadwira pano n'kumuphera nkhuku ngati mlendo.

Taonani momwe amamulandirira dzuwa lili paliwombo. Miyezi yotentha kwambiri kuno ndi Okutobala ndi Novembala, koma kutentha kwa Disembala kuli ndi nkhanza yakeyake: mvula ikamakonzekera kugwa mpweya umaima, malata amalira okha, malaya amamatirira kumsana. M'nyumba simukhalika. Mphasa amaiyala pansi pa mtengo wa mango, mlendo n'kupatsidwa mpando wokhawo wa pakhomopo. Asanayambe malonje, kamtsikana kamabwera ndi madzi a mumtsuko, kugwada, n'kupereka ndi manja awiri. Madzi a mumtsuko wadothi woikidwa pangodya ya nyumba amazizira mokoma moti munthu wozolowera furiji amayamba wakhala chete. "Mwayenda bwanji, achimwene? Nanga alamu mwawasiya bwanji?" Kenaka thobwa, lophikidwa dzulo lake ndi chimera, lozizira, la masese ake pansi pa kapu. Kuseri kwa nyumba ana ayamba kale kuthamangitsa tambala. Akamugwira amayamba abwera naye kudzamuonetsa kwa mlendo ali wamoyo, kuti aone ndi maso ake kuti ndiwo yake si nkhuku yofa ndi chitopa. Nthutumba ndi ya mlendo. Ikasowa m'mbale, mwana amene anatumidwa kukayang'anira mphika ali ndi mlandu.

Zonsezi n'zokoma, ndipo sindikufuna kuti zithe. Koma tiyeni tinene zoona za mwezi umenewu. Kumaiko kumene kunachokera zithunzi za chipale ndi nkhalamba ya ndevu zoyera yovala chijasi, Khirisimasi imapeza minda itagona, zokolola zili m'nyumba, anthu akusowa chochita. Kwathu imapeza mlimi ali pakalikiliki. Chimanga chodzalidwa ndi mvula yoyamba chikufuna kupalira, chikufuna feteleza wachiwiri, udzu sukudikira kuti anthu athe kuvina. Wa fodya akuwokera kapena kupakiza pamene mbande zinafa. Ndalama za fodya, amene amagulitsidwa kuyambira cha mu Epulo, zinatha kalekale, za soya ndi mtedza chimodzimodzi. M'makomo ambiri matumba a chimanga atsala owerengeka, ndipo kutsogoloku kuli Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene anthu amasiya minda yawo kukagwira ganyu m'minda ya anzawo. Chaka ngati cha 2024, pamene ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, tambala wa Khirisimasi uja ndi yemweyo amene akanagulitsidwa pa msika wa Mitundu kuti pakhomo papezeke ndowa ya chimanga.

Anthu akumudzi sachita zimenezi mwachibwana. Amakonzekera. Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama zawo mu Disembala, ndipo ena amasonkherana chaka chonse kuti agule mbuzi kapena ng'ombe yoti adzagawane pa 24. Mayi amasunga kathumba ka mpunga kuyambira kale, poti tsiku limeneli nsima imapuma kaye. Buledi, shuga, mafuta ophikira ndi botolo la Sobo, basi Khirisimasi yakwana. Vuto limayamba pamene mwambi wathu wasanduka chikwapu chodzikwapula nacho. Mwambiwu ukuti pirira mlendo ndipo umupatse chimene uli nacho ndi nkhope yowala. Palibe pamene ukunena kuti ukatenge katapila kuti apongozi a m'tauni aone kireti ya Fanta pakhonde. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa shuga ndi mafuta ndi woti munthu amayamba wapuma kaye asanapise m'thumba. Mlendo wabwino sangakondwe kumva mu Febuluwale kuti mbuzi ya mayi ake inalandidwa chifukwa cha zakumwa zimene iye anamwa osazimaliza.

Ndiye pali mbali ya mlendo mwini, imene ife a m'tauni timakonda kuilumpha. Timaukumbukira mwambiwu tikafuna nkhuku, n'kuiwala kuti ukutiuzanso kanthu. Mame amachoka. Eni khomo amapirira chifukwa akudziwa kuti mapeto alipo. Nanga uyu amene wabwera pa 20 Disembala ndi mkazi, ana anayi ndi mnzake wa kuntchito, m'manja muli buledi muwiri, pa 10 Januwale adakalipo, ndi mame amenewa? Nanga uyu amene amasiya ana kwa agogo tchuthi chonse, iye n'kubwerera ku Area 36 kukasangalala ndi anzake, osasiya ngakhale ya kuchigayo? Pali winanso amene amadzuka 9 koloko, kufunsa madzi osamba otentha, n'kukhala pamthunzi akuseweretsa foni pamene mlongo wake akuchokera kokapalira, mwana kumsana, kuti adzayambenso kumuphikira. Pochoka ndiye woyamba kufunsa ngati mtedza unatsalako. Anthu sanena kanthu, poti ulemu ndi wathu. Amangoti, "Mupite bwino, atsibweni, mukawapatse moni," koma galimoto ikakhota pamakhala kupuma kwa mtundu wina.

Ndinenenso kuti mame si mvula. Amanyowetsa tsamba, safika ku mizu. Mwana amene amaoneka kamodzi pa chaka ndi chitenje ndi paketi ya bisiketi wakondweretsa mayi ake, inde, koma munda sunamve kanthu. Amene anatumiza ndalama pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pa Mukuru mu Novembala kuti pakhomo pagulidwe thumba la feteleza, ngakhale atafika pa Khirisimasi ndi shuga yekha, wabwera ndi zambiri kuposa mnzake wa sipika yaikulu. Sukulu zimatsegulira teremu yachiwiri kumayambiriro kwa Januwale. Mwana wa mchemwali wako amene ali ku sekondale adzafuna fizi, makope ndi sopo patangotha sabata imodzi kuchokera pamene munadya mbuzi ija.

Kutentha nakonso kuli ndi malamulo ake, ndipo mlendo sayenera kukwiya nawo. Nyama yophedwa m'mawa, pamudzi popanda magetsi, iyenera kuphikidwa kapena kuwambidwa tsiku lomwelo. Mpunga wogona umachita thovu. Thobwa likakhala masiku atatu padzuwa limasasa n'kuyamba ulendo wopita ku mowa, ndiye musadabwe kuona amayi a Chigwirizano akulinunkhiza kaye asanamwe. Ntchentche za nyengo ya mango sizisankha mbale ya mlendo. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu 2022, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 anachititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Matendawa amakonda pamene pali mvula, khamu la anthu ndi chakudya chozizira. Kale tinkasamba m'manja tonse m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, wotsiriza n'kusamba m'matope. Masiku ano amathirirana ndi jagi, ndipo pamenepo palibe mwambo umene waphwanyika.

Nanga n'chifukwa chiyani, ndi zovuta zonsezi, anthu amadikirabe alendo awo ndi mtima wonse? Yankho lili madzulo. M'mawa wa pa 25 ena apita ku CCAP ya Sinodi ya Nkhoma, ena ku Misa, ana achita sewero la kubadwa kwa Yesu, abusa a nkhosa atafunda matumba ndipo Herode akukalipa mpaka mpingo wonse kuseka. Masana adya, ana amwazikana kukaonetsa zovala ndi kupempha Khirisimasi bokosi. Dzuwa likapendeka, kapena mvula ikangodutsa n'kusiya kamphepo, akuluakulu amatsala pamphasa, ndipo nkhani zimene zinasungidwa chaka chonse zimatuluka. Malire a munda umene anasiya malemu. Chiliza cha agogo chimene sichinamangidwe. Mtsikana amene wabweretsa mnyamata woti malume ake amuone. Mkamwini amene akufuna kupempha chitengwa. Kwa Achewa nkhani zotere sizitha popanda mwini mbumba, ndipo mwini mbumbayo masiku ano amakhala ku Kawale kapena ku Johannesburg. Pafoni anthu amakangana, wina n'kudula. Pamphasa, mutadya m'mbale imodzi, n'kovuta kunyamuka nkhani isanathe. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: nthawi zina amene wakhala kutali ndiye amaona pamene mfundo yamangika. Poti masiku ake ndi ochepa, abale amakakamizika kulankhula lero zimene akanazengereza mpaka chaka chamawa. Kufupika kwa ulendo, kumene mwambiwu ukunena, ndiko kumaupatsa mtengo.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuona mnyamata amene wayenda masiku awiri pa basi kudutsa Beitbridge ndi Tete, wafika, waika chikwama, n'kupita ku malo omwera pa Nathenje kumene akakhale mpaka pa 26. Mayi ake amuona kawiri, pofika ndi popita. Nkhuku yake adya ana itazizira. Anzake a kubala adzamuiwala ndalama zikatha, ndipo usiku umenewo amadzawoloka M1 akudzandira, msewu wa malole ndi mabasi amene saima chifukwa choti kwagwa chikondwerero. Apolisi amachenjeza za ngozi za pamsewu chaka ndi chaka nyengo imeneyi, koma chenjezo silimveka bwino pafupi ndi sipika.

Usiku wa pa 31 ena amachezera m'matchalitchi, ena pabwalo, ndipo 12 koloko ikakwana ana amaimba zidebe ndi kukuwa mudzi wonse. Pa 2 Januwale zikwama zimamangidwa. Mayi amalongedza mango, nkhwani, bowa ngati wapezeka, mwina ndi nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo, ngakhale iye mwini atsala ndi zochepa. Amamuperekeza mwana mpaka pamsewu, n'kubwerera kukatenga khasu, chifukwa udzu unakula masiku onse amene anthu anali pamphasa.

Ngati chaka chino mukupita ku Mitundu, ku Nathenje kapena kulikonse kwanu, imbani foni kudakali sabata ziwiri, munene kuti mubwera angati ndiponso mudzachoka liti. Nyamulani ufa wokwanira pakamwa pamene mukubweretsa. M'mawa umodzi dzukani nawo mupite kumunda, mukagwireko mzere ngakhale umodzi. Ndipo musanakwere minibasi yobwerera, afunseni mayi anu pambali kuti chimanga chatsala matumba angati.