Mfundo Zofunika kwa Wachinyamata Wofuna Utolankhani ndi Kujambula Zithunzi

Achinyamata akandipeza, funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, tilowere khomo liti?" Ena angomaliza maphunziro ku MUBAS kapena ku Malawi Institute of Journalism, ena ali ndi MSCE yokha koma foni yadzaza zithunzi. Onsewa ndimawauza izi.

1. Yambirani pomwe mwaimapo. Nkhani sizikhala ku Nyumba ya Malamulo kokha. Mjigo wa m'mudzi mwanu ukatha miyezi itatu uli chifere, amayi n'kumatunga madzi padambo pomwe pamamwa ng'ombe, imeneyo ndi nkhani. Pitani kwa a komiti ya mjigo, pitani kwa amfumu, funsani ku khonsolo, lembani. Wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi Mudzi Wathu ku Mchinji zimadalira nkhani zotere. Malipiro ake ngochepa, mwina osakwana ndi sopo yemwe, koma mkonzi amakhulupirira munthu amene waona kale ntchito yake.

2. Musachite manyazi ndi Chichewa. Wailesi ya Zodiak, yomwe Gospel Kazako adayambitsa mu 2005, idakopa anthu chifukwa cholankhula chinenero chawo komanso kukhala ndi atolankhani m'maboma. Nyuzipepala za Chichewa monga Tamvani ndi Boma Lathu zili ndi owerenga awo. Kufotokoza bajeti ya dziko m'mawu oti agogo amve ndi luso losowa.

3. Kamera yodula ibwera pambuyo. Phunzirani kaye kuwala ndi foni muli nayoyo. Masana dzuwa lili paliwombo, nkhope zimada m'maso. M'mawa ndi chakumadzulo khungu limaoneka bwino. Sendererani pafupi, gwadani ngati mukujambula mwana. Chinkhoswe, ukwati ndi mpira wa pabwalo la sukulu ndiwo makalasi anu, chifukwa mkwatibwi sabwereza kulowa m'tchalitchi kuti inu mukonze kamera. Ndipo mukajambula, lembani dzina la munthuyo, malo ndi tsiku. Chithunzi chopanda izi mkonzi alibe nacho ntchito.

4. Amene mukumujambula ndi munthu. M'mwezi wa March 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, zithunzi za mitembo zidazungulira pa WhatsApp ndi Facebook. Taganizani mayi woona mwana wake pafoni ya mnzake uthenga wa maliro usanamufike. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Tsoka lingathe kuonetsedwa popanda kuvula munthu ulemu: nsapato imodzi m'matope, anyamata okumba ndi makasu, mzere wa anthu pamsasa. Pemphani chilolezo, makamaka kuchipatala ndi pamaliro, ndipo mwana wochitidwa nkhanza musamuonetse nkhope.

5. Funsaninso. Ndili woyamba kumene, ndidalakwitsa dzina la gulupu wina m'nkhani ya mkangano wa malo. Nditabwererako adandilandira bwino, mpando adandipatsa, koma sadandiuzenso kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dzina litchulidwe kawiri, nambala iwerengedwe kawiri, ndipo wonenedwa apatsidwe mpata woyankha.

6. Chenjerani ndi chipondamthengo. Msonkhano ukatha pamabwera pepala losainira, kenaka envulopu, amati ndi ya thiransipoti. Kwa wachinyamata amene wayenda pansi kuchokera ku Ndirande mpaka ku Ginnery Corner m'mimba muli pululu, kukana n'kovuta, ndipo sindikumuweruza. Mlandu waukulu uli ndi mabwana olemba anthu ntchito osawalipira mokwanira. Komabe dziwani chimene chimachitika: tsiku lomwe wokupatsaniyo adzabe mankhwala kapena feteleza wa anthu osauka, cholembera chanu chidzalemera. Mudzafewetsa mutu wa nkhani, kenaka mudzaisiya osailemba, ndipo anzanu m'nyuzirumu adzadziwa chifukwa chake.

7. Dziwani komwe ntchitoyi yachokera. Chisanafike chisankho cha riferendamu cha 1993, wailesi m'dziko muno inali MBC yokha, ndipo atolankhani ena adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Nyuzipepala ya The Nation idayamba chaka chomwecho. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo silisankha kuti uyu ndi wamkulu, uyu ndi wophunzira. Liwerengeni, mudziwenso ntchito za MISA Malawi ndi Media Council of Malawi. Sabata ino lembani kalata ku khonsolo yanu, mufunse kuti ndalama zokonzera mjigo uja zidapita kuti.