Kalumo ka mlendo

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kuno kwa Simlemba mwambiwu timaunena moyamikira, pakuti malata a nyumba zina mukuzionazi sanagulidwe ndi fodya ayi, ndi thukuta la ana athu a ku Joni, amene akakhalitsa amabwera kwawo ngati alendo. Koma kalumo kometa bwino n'komweko kamene kamacheka. Mwana amanyamula mabulangete ndi wailesi, nthenda n'kumutsatira m'basi iye osadziwa.

Mu Meyi 2020 abale athu ochokera ku South Africa anawasunga pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kuti adikire zotsatira za Covid-19, ndipo mazana anathawa. Sindiwanyoza konse. Munthu wayenda masiku pamsewu, chakudya n'chosowa, kwawo kukumuitana, angakhale bwanji? Nthawi imeneyo katemera kunalibe. Pa 12 Januwale 2021 nthendayi inatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama.

Katemera wa AstraZeneca atafika pa 5 Malichi 2021, ambiri tinamvera mphekesera za pa foni. Pofika Meyi boma linatentha katemera 19,610 yemwe masiku ake anali atatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ife tinamusiya pachala, ndipo zimandipweteka mpaka lero, ine amene ndili ndi chipsera cha katemera wa nthomba pamkono, nthomba imene dziko lonse linaitsanzika mu 1980.

Tsono mu Disembala 2021, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, ali phungu wa konkuno ku Kasungu komanso nduna ya zaumoyo, panabwera lamulo la pachipata. Aliyense wolowa m'dziko, Mmalawi kaya mlendo, aonetse chiphaso chakuti anabayitsa. Wopanda chiphaso abayidwe pomwepo kwaulere. Wokana akakhale payekha masiku 10 ndi ndalama zake. Ena anati n'chipongwe. Nanga ku msika wa fodya wa Chinkhoma akamatsegula belo lako kuti aone za m'kati, amakhala akukutukwana?

Chipongwe chenicheni tinachiona mwezi wa Novembala chaka chomwecho. Madokotala a ku South Africa ataulula za Omicron, Britain ndi America anatsekera zitseko maiko a kuno kum'mwera kwa Africa, ndi Malawi yemwe, osafunsa kuti wabayitsa ndani. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwo anam'pirikitsa mnansiyo. Kwathu kuno mlendo sitim'bweza pakhomo. Timam'thirira madzi asambe m'manja, kenako apise nafe m'mbale imodzi, ndipo madziwo amatunga ndi mwini nyumba. Lamulo lathu lija linatsata mwambo umenewu, n'chifukwa chake ine ndinaligwirizana nalo.

Inu ana anga muli ku Johannesburg ndi ku Cape Town, chiphaso chija musachitaye. Chisungeni pamodzi ndi pasipoti, ndipo mliri wina ukadzabwera, mudzabayitse musanakwere basi ya ku Mwanza. Agogo anu akukudikirani kuno, ndipo zifuwa zawo n'zofooka.