Njerwa za ku Mbombwe

Ana inu, takhalani pansi kaye, nsima siithawa. Dzulo pamsika wa ku Area 3 ndinaona mnyamata atafinya K2000 m'manja ngati tsamba la fodya, ali kalikiliki kunenerera matimati, osayang'ana n'komwe nkhope ili pandalamapo, ndipo ine mtima unangonyamuka ulendo wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kumene mwini nkhopeyo, Abusa John Chilembwe, anayambitsa mpingo wa Baptist wa Providence Industrial Mission mu 1900 atabwerako kusukulu ku Lynchburg, ku America.

Za nkhondo ya mu 1915 mumazidziwa, poti pa 15 Januwale wailesi siigona nazo, koma za njerwa akamba ndani? Paja mutu umodzi susenza denga. Tchalitchi chachikulu cha ku Mbombwe chimene chinatha kumangidwa mu 1913 chinadya thukuta la anthu wamba, amayi otunga madzi, abambo oponda dothi ndi kuwotcha njerwa, anthu amene maina awo sitiwatchula pamisonkhano. Nkhondo itazilala, asilikali a atsamunda anachiphulitsa, mpingo n'kutsekedwa zaka 11.

Zaka 11, ana anga! Khanda lobadwa tsiku limenelo linali litayamba kale kubusa mbuzi. Amene anapita kukapemphera kwina ine sindiwaweruza, pakuti mantha alibe mkulu, ndipo nthawi imeneyo kungotchula dzina la Chilembwe kunali kuitana mavuto pakhomo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Panali mnyamata wapasukulu pomwepo, Daniel Malekebu, amene analondola mphunzitsi wake, mayi Emma DeLany, mpaka ku America, nakaphunzira udokotala ku Meharry, ndipo poti madzi saiwala khwawa, anabwerera kwawo mu 1921, boma n'kumubweza, iye osataya mtima, n'kukadikira ku Liberia, mpaka mu 1926 pamene anamulola kutsegulanso Mbombwe pamodzi ndi mkazi wake Flora. Anthu anatulukanso m'midzi, makasu paphewa, nayambiranso kuponda dothi pamalo pomwe paja panafuka utsi.

Mnyamata wa pamsika uja analipira, nanyamula matimati ake, n'kulowera cha kumlatho wa Lilongwe. Ndikadzapitanso ku Chiradzulu, mmodzi wa inu adzandiperekeze, tikagwire makoma a tchalitchi chimene anamanganso chija ndi manja athu.