Hatchi ya mpikisano sinenepera pa thumba la chimanga

Khala pansi, mdzukulu wanga. Akuti ku Durban wapeza ntchito yosamalira mahatchi a mpikisano. Wachita bwino, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ifenso ntchitoyo tinaigwirapo ku Borrowdale, Harare idakali Salisbury. Mimba ya hatchi ikadali yomweyo, tsono tchera khutu.

Mahatchi ukukawaonawo ndi a mtundu wa Thoroughbred. Kwawo ndi ku England, ndipo ukatsata mzere wa atate awo umakathera pa mahatchi atatu okha: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Eni ake anawasankhira liwiro, osati mnofu. Ndi omwewo amathamanga pa Durban July ku Greyville, mpikisano umene unayamba mu 1897. Hatchi yotere sichedwa kudzidzimuka, ndipo chakudya sichikhalitsa m'thupi mwake. Ikangosowa mtendere pang'ono, nthiti zayamba kuwerengeka. Apa mpamene anyamata amalakwira. Amathamangira thumba la oats kapena chimanga n'kuthira modyeramo mpaka thoo, ati inenepe msanga abwana asanaone. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chinyama chonsecho, cha makilogalamu pafupifupi 500, chifu chake n'chaching'ono ngati kandowa kotungira madzi: malita 8 mpaka 15 basi. Hatchi sibzikula, ndiponso sisanza. Chimene chalowa chalowa. Ukaipatsa mbewu zambiri nthawi imodzi, zimadutsa m'chifu zisanagayike n'kukasasa m'matumbo akulu. Usiku womwewo uiona ikupalasa pansi ndi mwendo, ikucheukira m'nthiti mwake, thukuta lili kamukamu, ikugona n'kudzuka, kugona n'kudzuka. Kumeneko nthendayo amati colic, ndipo imapha. Ikapulumuka apo, poizoni wochokera m'kusasako atha kutsikira kuziboda. Ziboda zimatentha, hatchi n'kumaima motsamira kumbuyo poopa kuponda. Imeneyo mwina sidzathamanganso. Choncho mbewu zisapitirire makilogalamu 2 pa kudya kumodzi. Uzigawe katatu kapena kanayi pa tsiku.

Chakudya chenicheni cha hatchi ndi udzu. Ukaisiya kudambo imadya maola ngati 16 pa tsiku, mutu uli pansi, ikubudula pang'onopang'ono. Chifu chake chimatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya muli chakudya kaya mulibe. Chimene chimaziziritsa asidiyo ndi malovu, ndipo malovu amabwera potafuna. Hatchi yotsekeredwa m'khola popanda chotafuna imachita zilonda za m'mimba. Mahatchi ambiri a mpikisano ali nazo. Yotere imanunkhiza chakudya n'kuchisiya, ubweya umayuwa, ndipo ngakhale uthire zotani imangowondabe. Pa tsiku izidya zolemera makilogalamu 2 pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake, ndiye kuti makilogalamu ngati 10, ndipo gawo lalikulu likhale udzu wouma. Kumeneko ukapeza teff, eragrostis ndi lucerne. Lucerne ndiye wamphamvu, amathandizanso chifu, koma umusakanize ndi winayo. Mpukutu uliwonse uumasule, uunuse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Udzu wa chuku utaye. Chimanga cha chuku ndiye usayese n'komwe, chimawononga ubongo wa hatchi.

Ikakhala yowonda, usayambe ndi thumba. Yamba ndi kukamwa. Mano a hatchi amatulukabe chaka ndi chaka, ndipo m'mbali mwake mumasongoka n'kumacheka masaya. Ukaona timipira ta udzu wotafunidwa titagwa pansi, kapena mbewu zathunthu m'ndowe, aitane opala mano. Kenako ganiza za njoka za m'mimba. Zimenezi zikakonzeka, onjezera udzu. Zikakanikabe, mafuta a mpendadzuwa amanenepetsa popanda kuipengetsa hatchi. Yamba ndi timasupuni, uzionjezera mpaka kapu. Chakudya chatsopano chilichonse chizilowa pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 14, chakale chikuchepa, chatsopano chikuchuluka. Mnofu subwera pa sabata imodzi, umatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga udziwa bwanji kuti yafikapo? Maso amanama, makamaka nthawi yozizira ubweya ukakula. Dzanja ndilo limanena zoona. Liyendetse m'nthiti. Nthiti zisaonekere patali, koma zala zizizimva popanda kukanikiza. Gwira pakhosi, kuseri kwa phewa, pamsana ndi patsinde pa mchira. Madokotala a ziweto ali ndi muyeso wa Henneke, woyambira 1 mpaka 9, ndipo 5 ndiye pakati. Imene ili pa mpikisano imakhala chapansi pang'ono, nthiti zikuoneka mwa apo ndi apo, ndipo si njala ayi. Msana ukayamba kuchita ngalande pakati, wapyola. Kunenepako kumalemetsa miyendo, ndipo miyendo ya Thoroughbred njowonda kale. Tsiku limene sinagwire ntchito, chepetsa mbewu, udzu usachepetse.

Madzi asasowe. Hatchi imamwa malita 25 mpaka 50 pa tsiku, ndipo kukatentha imapyola apo. Mchere wonyambita ukhale pafupi, chifukwa wambiri umatuluka ndi thukuta.

Palinso china. Chakudya cha ng'ombe kapena cha nkhuku usaipatse, ngakhale mnzako akuuze kuti zonse ndi madeya. Zina amathiramo mankhwala otchedwa monensin, ndipo pang'ono pokha pamaimitsa mtima wa hatchi. Thumba limene sukulidziwa, funsa. Safunsa anadya phula.

M'mawa uliwonse, usanathire kanthu, yang'ana modyeramo ndi ndowe. Ngati yasiya chakudya cha usiku, kapena ndowe zachepa ndipo zauma, kawauze abwana nthawi yomweyo kuti aitane dokotala. Usaope kukalipiridwa, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Podikira dokotalayo chotsa mbewu zonse, madzi okha uwasiye.