Kodi Mlendo Wosalipira Ali ndi Mangawa?

Aliyense amene anafikapo pa Boma la Lundazi adziwa nyumba ija ya njerwa yokhala ndi nsanja, imene iri pafupi ndi damu. Anaimangitsa ndi Bwana D.C. Errol Button ca m'ma 1950, motsanzira malinga akale a ku Ulaya, kuti alendo azigonamo, ndipo ichedwa Lundazi Castle Hotel. Wofuna kugonamo alipira, koma wongoima potero ndi kuiyang'ana sataya kanthu. Apa ndipo pali funso limene ndifuna kuti tiliganizire pamodzi, inu amene mwatsiriza sukulu: kodi munthu amene waona zokoma za dziko la eni osaturutsa ndarama, acoka wopanda mangawa?

Poyamba tibvomereze kuti cimene mlendo aciyesa caulere, wina anacibvutikira. Taonani miyambo yathu, monga Zengani wa kwa Mfumu Magodi ku Emusa, kapena Nc'wala wa Angoni a Mpezeni amene acitikira ku Mtenguleni mwezi wa February. Khamu la anthu lionerera osalipira. Koma bwalolo analambula ndani? Misasa anamanga ndani? Alipo amai amene anatunga madzi mbandakuca, alipo amene anasonkha ufa, ndipo obvina anasiya minda yao masiku ambiri. Maso a mlendo akhuta, koma thukuta liri la eni mudzi.

Ena pomva izi adzati, "Ngati ziri tero, timange mpanda ndi kuika munthu pa khomo kuti azilandira ndarama." Mau awa si opusa ai. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ku cigwa ca Luangwa kuti apatule malo osungirako nyama, ndi kuti ndarama za odzaona nyamazo zizipita ku thumba la Akunda, eni dzikolo. Kumeneko kulipiritsa kunali cilungamo, pakuti njobvu imene mlendo aisirira masana ndi yomwe idya cimanga ca mlimi usiku. Koma gule ndi damu si njobvu. Tikaika mpanda pa bwalo, woyamba kutsala kunja sadzakhala mlendo wacuma, cifukwa iye adzalipira akuseka. Adzatsala ndi nkhalamba ya m'mudzi momwemo pamodzi ndi mdzukulu wace, ndipo mwana adzakula ngati mlendo pa mwambo wa makolo ace.

Tsopano tiyerekeze alendo awiri. Woyamba atera ndi ndege ku Mfuwe, agona ku msasa wa mtengo wapatali, aona mikango, nabwerera kwao. Ndarama zace nzambiri, ndipo zilembetsa anthu nchito ndi kuthandiza kusunga nyama. Koma mai wogulitsa nthoci pa msika wa Lundazi sadzamuona nkhope. Waciwiri akwera basi ku Chipata, ulendo wa makilomita ngati 180, kapena alowa kucokera ku Malawi pa cipata ca Lusuntha, thumba lace liri lopepuka. Ameneyu adya nsima pa msika, agula nsawawa, akwera njinga ya mnyamata, nagona m'kanyumba ka alendo kochipa. Makwaca ace ngocepa, koma agwa m'manja ambiri: wophika nsima agula nao matimati kwa wolima dimba, wa dimba agulira mwana wace kabuku. Mvula yamkuntho ithamangira ku mtsinje, koma yowaza ndiyo ilowa m'nthaka. Cifukwa cace tisapeputse mlendo woyenda pansi.

Komabe mlendo wotereyu ali ndi kucimwa kwace. Alipo amene anyamula kamba yense kucokera kwao, natisiyira mapepala ndi mabotolo okha. Alipo amene alimbana ndi nkhalamba pa mtengo wa dengu limene yaluka sabata yathunthu, mpaka iligulitsa mwa njala, iye nacoka akudzitama kuti ngwocenjera. Ndipo alipo amene afika pamene ng'oma za Vimbuza zirikulira, nayamba kujambula osapempha. Zoonadi bungwe la UNESCO linachula Vimbuza m'caka ca 2005 kuti ndi cuma ca anthu onse. Koma kwa Atumbuka gule ameneyu ndi mankhwala, ndipo wobvinayo kawiri kawiri ndi wodwala. Kodi ife tikadakondwa munthu wacilendo atatijambula tiri gone m'cipatala? Si conse cosalipiritsa cimene ciri ca maso a aliyense.

Tsono yankho langa ndi ili: mangawa alipo ndithu, koma salipiridwa pa khomo. Alipiridwa pa msika, pogula kwa eni dziko pa mtengo woyenera. Alipiridwa pa kupereka moni, pa kupempha usanajambule, ndi pa kusiya malo monga unawapeza. Ngakhale wosauka atha kulipira mangawa otere.

Ifenso eni mudzi tiri ndi mbali yathu. Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Tikamkwezera mtengo cifukwa ca cilankhulo cace, kapena tikaphunzitsa ana kumthamangira ndi dzanja lotambasula, tidzadya tsiku limodzi, ndipo iye adzauza anzace kuti asadzere kuno.

Inu anyamata ndi atsikana, ambiri a inu mudzayenda kukafuna nchito ku Lusaka kapena ku Migodi, m'thumba muli zocepa, ndipo mudzaima kuonerera zinthu za eni osalipira. Tsiku limenelo dzifunseni kuti anasesa pamene mwaimapo ndani, ndipo musanacoke mugule kanthu kwa mai amene wakhala pambali pa njira.