Kodi Wanjala Amagulitsa Kapena Amalandidwa?

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mabwinja a Fort Lister, linga lomwe Angerezi adamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo. Nditaima pamenepo n'kuyang'ana chigwa cha Phalombe, ndidadzifunsa: kodi malonda amasanduka tchimo pati?

Pajatu malonda sadayambe ndi misozi. Makolo ankasinthana mchere ndi nsomba za kunyanja ya Chilwa, makasu osula ndi nsalu zathonje zoomba pamanja. Wamchere amapita ndi khasu, wakhasu amakathira mchere m'ndiwo, onse mitima ili mbee.

Kutali uko ku Central America, Amaya ankachitanso chimodzimodzi ndi mchere, nsalu ndi miyala yonyezimira. Ndalama zawo zidali nthanga za koko, zija apangira chokoleti. Koma wansembe wa ku Spain, Diego de Landa, yemwe adakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1500, adalemba kuti pakatundu wawo wamalonda padalinso akapolo. Kuno kwathu nako, munthu adafika posinthidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Pa chilala cha 1862 ndi 1863, ena adadzipereka okha kuukapolo kuti apeze chakudya.

Ena amati malonda n'kugwirizana, bola awiri avomerezana basi. Ine ndikukana. Kuvomera kwa munthu amene sangathe kukana si kuvomera ayi.

Chaka chatha, nthawi yokolola, ndidaona mayi wina pamsika, mwana wodwala ali kumbuyo, akutsitsa thumba la chimanga pasikelo ya venda. Atamva mtengo adangoti, "Aaa, achimwene, wonjezeraniko pang'ono." Venda adaloza mzere wa anthu odikira. Mayi uja adalandira ndalamazo. Ikafika February, chimanga chomwecho adzachigula pamtengo wokwera. Palibe adamuloza mfuti, n'zoona, koma kodi akadakana?

Sindikuti venda n'chimodzimodzi ndi wogula akapolo, ndipo naye ali ndi ana ofuna kudya. Ndikungoti muzu wake ndi umodzi: kupima kusowa kwa mnzako m'malo mopima katundu wake.

Nanga ife am'tauni, timasangalala chimanga chikatsika mtengo, osafunsa kuti wachitsitsa ndani. Linga lija lidatseka mpata wapaphiri. Wapasikelowu atseke ndani?