Kodi Mkhristu Angadye Ndalama za Katapila?

Pali machimo ena amene munthu achita usiku, nachita nawo manyazi kukacha. Pali enanso amene achita dzuwa likuswa mtengo, anthu namtcha wochenjera, nampatsa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi. Katapila ali m'gulu lachiwirili, ndipo tiyenera kumlingalira bwino, Akhristu okondedwa, pakuti tchimo likazolowereka lileka kuluma chikumbumtima.

Ife a kwa Maseya tiidziwa nyengo imene katapila akula mphamvu. Ndiyo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma, mapira akali m'munda, thonje silinafike pa sikelo, ndipo wodikira ndalama za nzimbe ayenera kudikirabe. Zaka zina tsoka liwonjezeka. Mu Januwale 2015, mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, madzi adasefukira m'chigwa chathu cha Shire, natenga mbewu ndi ziweto, nasiya mchenga m'madimba. Tsono mwana akadwala pa nthawi yotere, kapena akabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, atate ake apita kwa mnansi amene ali ndi kanthu.

Tiyeni tiwerenge bwino. Munthu atenga K20,000, nalonjeza kubweza K30,000 pakutha pa mwezi. Mwezi ukatha asanazipeze, ngongole ija iswa, nifika K45,000; pa mwezi wachitatu yafika K67,500. Chimene iye adadya ndi ufa wa K20,000 wokha, umene udatha kalekale. Potsiriza mwini ndalama abwera kudzatenga chikole: mbuzi, njinga ya kabaza, malata a nyumba, ngakhale dimba lomwe. Lamulungu lotsatira onse awiri agwada pa Misa imodzi, napatsana moni wa mtendere.

Malembo Oyera sabisa mawu pa nkhaniyi. Mu Eksodo, mutu 22, Mulungu aletsa kutenga chiwongoladzanja kwa mmphawi, nalamula kuti chofunda chogwidwa chikole chibwezedwe kwa mwini wake dzuwa lisanalowe, kuti angagone pa mphepo. Mu Deuteronomo, mutu 24, aletsanso kugwira mphero ngati chikole, popeza wotenga mphero watenga moyo wa banja. Amayi opera mapira amva msanga tanthauzo lake. Mphero ya masiku ano ndiyo njinga imene mnyamata apezera nsima, ndi dimba limene banja lidalira mvula ikakana. Ndipo Ambuye Yesu, mu Luka mutu 6, atitengera patsogolo koposa Mose, natiuza kuti tizikongoza osawerengera chimene tidzapatapo.

Komabe wochita katapila ali ndi mawu atatu odzikanira, ndipo nkoyenera kuwamva mwachilungamo.

Oyamba ndi awa: “Ndalama ndi zanga, ndidazikhetsera thukuta.” Indedi nzanu, ndipo Eklezia ateteza ufulu wa munthu pa chuma chake. Mukakongoza K20,000, K20,000 yanu iyenera kubwera. Nanga K47,500 inayo mwaigwirira ntchito yanji? Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adafanizira wotereyu ndi munthu wogulitsa vinyo, nalipiritsanso kumwa kwa vinyo yemweyo. Kwathu kuno tinganene kuti wagulitsa ufa, nabweranso madzulo kudzalipiritsa nsima. Kulandira malipiro kawiri pa chinthu chimodzi ndiko kulakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba.

Achiwiri ndi awa: “Sindidamuitane. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adabwera yekha, navomera yekha.” Koma kuvomera kwa munthu amene mwana wake akomoka ndi malungo ndi kuvomera kotani? Munthu womira mu Shire akaona mwadiya, adzalonjeza ng'ombe zake zonse kuti amtole. Kodi wopalasa uja adzakhala wolungama pokatenga ng'ombezo m'mawa mwake? Iyayi. Pangano likhala lolungama pamene onse awiri ali ndi ufulu wokana. Njala ichotsa ufuluwo, ndipo wopindula ndi njala ya mnzake agulitsa chimene adayenera kupereka mwachifundo.

Achitatu ali ndi mphamvu koposa: “Nanga banki sitenga chiwongoladzanja? Bwanji ine ndekha?” Apa tiyenera kusiyanitsa, monga adasiyanitsira Eklezia mwini. Msonkhano waukulu wachitatu wa ku Lateran, mu 1179, udaletsa odziwika ndi katapila kulandira Ukaristia ndi kuikidwa m'manda mwachikhristu. Mu 1745 Papa Benedict XIV, m'kalata yake yotchedwa Vix pervenit, adabwereza kuti nkuchimwa kufuna zambiri koposa zimene udakongoza pa chifukwa cha ngongole yokha; komabe adavomereza kuti pangakhale zifukwa zina zapadera zolola mwini ndalama kulandira kanthu pamwamba. Aphunzitsi a Eklezia atchula zotere: ngati wataya kanthu chifukwa chokongoza, ngati wasiya phindu loona limene akadapeza, kapena ngati pali chiopsezo chenicheni chakuti ndalama sizidzabwera. Tonse tikumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Amene adakongoza mnzake zisanachitike izi sadachimwe popempha kuti abwezeredwe zokwanira kugula chimanga chimene akadagula poyamba. Kuteteza zako kuti zisawonongeke ndi chilungamo. Koma kufuna theka la ngongole pa mwezi umodzi, kwa munthu wogula ufa ndi mankhwala, sikungalowe pa khomo limeneli.

Choncho Mkhristu wofuna kukongoza adzifunse mafunso atatu pamaso pa Mulungu. Kodi mnzangayu afuna ndalamazi kuti achitire malonda, kapena kuti ana ake asagone ndi njala? Wa malonda angathe kugawana nanu phindu lake; wanjala alibe phindu loti mugawane. Kodi chimene ndiwonjezapo chilingana ndi chimene nditayadi? Kodi chikole chimene ndigwira sindicho mphero ya banja lake? Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa ndime 2269, aika nkhaniyi pansi pa lamulo lachisanu, loletsa kupha, naphunzitsa kuti amene adzetsa njala ndi imfa pa abale awo ndi katapila ndi umbombo ali ndi mlandu wa kupha, ngakhale sadagwire mkondo.

Amene wadya kale ndalama zotere asataye mtima, koma adziwe kuti kulapa kwa tchimo la kuba kuyenda pamodzi ndi kubweza. Zakeyo sadangolira, adatsegula thumba lake. Bwezani mbuzi ija, bwezani dimba lija, chotsani pa ngongole zonse zopitirira muyeso. Ngati simungathe kubweza zonse lero, kambiranani ndi ansembe mu sakramenti la kulapa za njira yobwezera pang'onopang'ono, ndipo manyazi anu adzasungidwa.

Nawenso wangongole uli ndi mbali yako. Amene atenga katapila chifukwa cha njala kapena matenda sachimwa, walakwiridwa. Koma amene amtenga kuti akamwere kachasu, kapena kuti achititse phwando loposa mphamvu zake, osauza ngakhale mkazi wake, alakwira banja lake lomwe. Ndipo amene wakongola mwachilungamo abweze pa nthawi yake, asazembe mnansi wake pa njira; pakuti wokana kubweza atseka khomo kwa amphawi onse odza pambuyo pake, nawakankhira kwa a katapila.

Eklezia sadangoletsa chabe. Mu 1462, mu mzinda wa Perugia ku Italy, ana a Francis Woyera adathandiza kukhazikitsa thumba lokongoza amphawi pa mtengo wochepa, ndipo mu 1515 Papa Leo X adavomereza matumba otere, pokhapokha chowonjezera chikhale chongokwanira kuyendetsa ntchitoyo. Ife tili ndi chofanana nacho m'manja mwathu, ndicho banki m'khonde. Koma tichenjere, pakuti gulu lokakamiza mamembala kutenga ngongole imene saifuna, kapena lolanda ziwiya za mayi wamasiye, lasanduka katapila wovala chitenje cha mpingo. Inu akatekisiti ndi atsogoleri a malimana, yambani nkhaniyi pa nthawi yokolola, pamene anthu ali ndi kanthu m'manja. Banja lililonse liike pambali mbale ya mapira kapena kandalama ka thonje, pakhale thumba la odwala ndi la maliro lobwezedwa popanda chiwongoladzanja. Makolo athu adati kupatsa nkuika, ndipo kuno kumene madzi sasankha nyumba, wokongoza wa chaka chino ndiye wopempha wa chaka chamawa.

Tsiku ndi tsiku, m'pemphero limene Ambuye adatiphunzitsa, tipempha Mulungu kuti atiyese ndi muyeso womwewo umene tiyesera anzathu. Kumbukirani wantchito uja wa mu Mateyo mutu 18, amene mfumu idamkhululukira ngongole yosawerengeka, iye natuluka kukakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha tindalama tochepa. Tonsefe tili ndi ngongole kwa Mulungu imene sitingathe kubweza, ndipo Iye satiwerengera chiwongoladzanja. Tisanayandikire ku guwa Lamulungu likudzali, aliyense atsegule kabuku kake ka ngongole, aone dzina limene ayenera kulifafaniza.